Tchimo si Mlandu

Aliyense amene anakhalapo ku Senga Bay, ku Lifuwu kapena ku Chipoka angavomereze kuti gombe la Salima ndi mkumano wa mitundu ndi zipembedzo. M'bandakucha kumamveka mawu oitanira Asilamu ku swala, dzuwa likatuluka belu la tchalitchi limalira, ndipo m'chilimwe ng'oma za gule wamkulu zimagunda kumidzi ya kumtunda. M'boti limodzi la chilimira mumakwera Myao wa kwa Maganga amene sadya nkhumba, Mtonga wa ku Nkhata Bay wobatizidwa ku CCAP, Mchewa wolowa kudambwe, ndi mnyamata wina amene khomo la nyumba yopemphereramo salidziwa n'komwe. Onsewa amakoka chingwe chimodzi, ndipo mwera ukawapeza pakati pa nyanja palibe amene amayamba wafunsa mnzake za mpingo asanamupatsire chokapira madzi.

Komatu aliyense wa alovi amenewa ali ndi mndandanda wake wa machimo, ndipo mindandandayi sifanana. Kwa shehe, mowa ndi nyama ya nkhumba ndi haramu. Kwa wa Seventh Day, kugwira ntchito Loweruka n'kulakwa, ndipo kampango ndi mlamba sayenera kuzidya poti zilibe mamba. Kwa wansembe wa Katolika, mitala ndi tchimo, chimodzimodzinso kusiya mkazi n'kukwatira wina. Wa Mboni salandira magazi kuchipatala, pomwe abusa ambiri amati gule ndi kupembedza mafano. Tsono tangoganizani, owerenga anzanga, tsiku lina aliyense wa amenewa atanyamula mndandanda wake kupita nawo kupolisi kuti ochimwawo amangidwe. Ndende ya Maula ikanadzadza dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo kugombe sikukanatsala munthu woyanika usipa pathandala.

Chimene chimatisunga pamtendere n'chakuti timadziwa, ngakhale sitinena, kuti tchimo ndi mlandu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tchimo lili pakati pa munthu, chikumbumtima chake ndi Mulungu amene munthuyo amamukhulupirira. Mlandu umakhalapo pamene pali wolakwiridwa. Ngakhale pabwalo la anyakwawa funso loyamba limakhala lakuti wodandaula ndani, nanga waonongeredwa chiyani. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo malipiro anga amachokera kumsonkho wa Msilamu, wa Mkhristu, wa Rasta ndi wa munthu wosapemphera. Munthu akafika pazenera la ofesi sindimufunsa kumene amapemphera kapena amene amagona naye m'nyumba. Ndinakulira m'banja lopemphera, maliro ndi maukwati a kutchalitchi kapena kumzikiti sindijomba, koma ineyo ndili m'gulu la anthu awiri pa 100 aliwonse amene pa kalembera wa 2018 ananena kuti alibe chipembedzo. Pali nkhani imodzi imene dziko lathu limaiwalira dala kusiyana kwa tchimo ndi mlandu, ndiyo ya anthu okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha.

Ambiri tinayamba kuikamba poyera nkhaniyi kumapeto kwa Disembala 2009, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachititsa chinkhoswe ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Patangopita masiku awiri apolisi anawanjata. Belo anawakaniza, ndipo nthawi zonse akamabwera kubwalo la milandu khamu la anthu linkawakuwiza ngati kwabwera zisudzo. Pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukagwira ukaidi wa kalavula gaga kwa zaka 14, chilango chachikulu chimene lamulo limalola. Pa 29 Meyi, atakumana ndi mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations a Ban Ki-moon, pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, uku akunenetsa kuti awiriwo analakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko. Tiwonge, amene amadzitenga kuti ndi mkazi ndipo ambiri ankamutchula kuti Aunt Tiwo, anadzathawira ku South Africa. Pamlandu wonsewo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaima n'kunena kuti awiriwa anamubera, anamumenya kapena anamukakamiza kanthu.

Lamulo limene anawamangira lili m'buku la milandu ndi zilango zake, m'magawo 153 ndi 156. Bukuli sanalembe ndi Kalonga, kapena Makanjira, kapena Gomani. Analemba ndi atsamunda a ku Britain ndipo linayamba kugwira ntchito m'dziko la Nyasaland mu 1930. Magawo ofanana nawo anawasiya ku India, ku Uganda, ku Kenya ndi ku Zambia. Eni ake ku England anachotsa chilango chimenechi mu 1967, ife tikadali chigwirire. Mu 2010 nyumba yathu ya malamulo inaonjezeranso gawo 137A kuti akazi okhaokha nawonso azimangidwa mpaka zaka 5, ndipo pulezidenti anasainira kumayambiriro kwa 2011. Ndikamamva munthu akunena kuti akuteteza chikhalidwe cha makolo kwa azungu, chonsecho chibonga chimene wanyamula anasema ndi mzungu yemweyo, ndimasowa chonena.

Amene tinabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi usanathe tili ndi chifukwa china chochitira mantha ndi chizolowezi chosandutsa kagulu kochepa kukhala adani a dziko. Ndikukumbukira ndili mwana, pachipata cha msika pankaima anyamata a malaya ofiira ofunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi sankagula ngakhale mchere. Anthu a Mboni za Yehova ankakana kugula khadilo chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Boma linatseka mpingo wawo mu Okutobala 1967. Msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa 1972 unagamula kuti achotsedwe pantchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba ndi nkhokwe zawo zinatenthedwa, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1975 ambiri anakatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, loyandikana ndi lathu lino. Chiletsocho chinadzachotsedwa mu Ogasiti 1993.

Akuluakulu amene anaona zimenezi amasimba kuti otentha nyumbazo sanali alendo. Anali anansi, anthu omwera chitsime chimodzi, ndipo ambiri mwa iwo Lamulungu ankapezeka m'tchalitchi. Anauzidwa kuti a Mboni ndi opanduka, kuti akutumidwa ndi maiko akunja, kuti akawalekerera dziko lisokonekera. Mawu atatu omwewa ndi amene timawamva lero akunenedwa za anthu ena. A Mboni anamasulidwa zaka zoposa 30 zapitazo, amayenda khomo ndi khomo ndi timabuku tawo, ndipo dziko silinagwe.

Pano ndiyenera kupereka ulemu kwa oyenera ulemu. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a mpingo wa Katolika anawerengetsa m'matchalitchi kalata imene inatsegula pakamwa pa Amalawi. Anaopsezedwa, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo bambo John Roche anapirikitsidwa m'dziko muno. Popanda kulimba mtima kumeneko, referendamu ya pa 14 Juni 1993 mwina ikanachedwa. Sukulu ndi zipatala zambiri zimene zatilera ndi za mipingo, kuyambira ku Mvera kumene amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1889 mpaka ku Mua kumene ansembe anakhazikika mu 1902. Choncho sindikulimbana ndi chipembedzo ayi. Ndikungokumbutsa kuti malamulo oyendetsera dziko a 1994, omwe ndi chipatso cha kalata ija, amati m'gawo 20 munthu asasalidwe pa chifukwa chilichonse, m'gawo 21 kuti aliyense ali ndi ufulu wosunga zinsinsi za moyo wake, ndipo m'gawo 33 kuti aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Mosiyana ndi Zambia, kumene Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, Malawi alibe chipembedzo cha boma. Gawo 33 limene limateteza shehe kwa abusa ndi abusa kwa shehe ndi lomwelo limateteza ine kwa onse awiri.

Andale amadziwa kukoma kwa chidani kuposa ife tonse, chifukwa chidani n'chotchipa kusiyana ndi feteleza. Pa chisankho cha 1999 kunafala mphekesera yakuti Bakili Muluzi akufuna kulisandutsa dziko lonse lachisilamu, ndipo zotsatira zitatuluka mizikiti ina inatenthedwa m'chigawo cha kumpoto. Ife a kuno ku Salima, kumene m'banja limodzi mumapezeka Asilamu ndi Akhristu, tinagona ndi mantha masiku amenewo. Ku Zimbabwe, Robert Mugabe anayamba mu 1995 kuyerekeza amuna okondana okhaokha ndi agalu ndi nkhumba, ndipo nyimboyo ankaibwereza nthawi zonse chuma chikamavuta. Kwathu kuno mu 2011, mafuta agalimoto ndi ndalama zakunja zitasowa, akuluakulu ena a boma ankafalitsa zoti mabungwe okonza zionetsero za pa 20 Julayi akungofuna kubweretsa maukwati a amuna okhaokha. Anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetserozo, ndipo chimene anafera chinali kukwera mtengo kwa zinthu ndi ulamuliro woipa.

Mayi Joyce Banda atangolowa m'boma mu 2012 anauza nyumba ya malamulo kuti magawo aja achotsedwa, koma mphepo itaomba anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti Amalawi sanakonzeke. Mu Disembala 2015 nduna ya zamalamulo a Samuel Tembenu analengeza kuti boma layamba laimitsa kumanga anthu pa nkhaniyi. Sipanapite mwezi, mu Januwale 2016, a Ken Msonda, omwe pa nthawiyo anali mneneri wa chipani cha People's, analemba pa Facebook kuti anthu oterewa ayenera kuphedwa. Omenyera ufulu a Gift Trapence ndi a Timothy Mtambo anawatengera kubwalo la milandu, koma mkulu woimira boma pa milandu anauthetsa mlanduwo. Taonani tsono mmene sikelo yathu inapendekera. Anthu awiri ochititsa chinkhoswe analamulidwa zaka 14, pomwe woitanira anthu kuti akaphe anzawo anabwerera kwawo kukadya nsima.

Nkhani zonsezi zikanakhala za m'nyuzipepala chabe zikanapanda kugogoda pakhomo panga. Mwa chikhalidwe chathu ine ndine mwini mbumba, ndipo ana a alongo anga akalakwa amene amaitanidwa ndine. Tsiku lina madzulo mlongo wanga anafika maso ali psuu.

"Achimwene, mbumba ndi yanu iyi," anatero atakhala pamkeka. "Mwana wanu uja watichititsa manyazi. Anthu akuti amachita zamathanyula. Ine kumvano sindikupitanso, amayi anzanga akungondiyang'ana."

Achibale anali atagawikana kale patatu. Ena ankati apite naye kwa mneneri akamuchotse ziwanda. Ena ankati timupezere mkazi msanga, ziwiri zitatu mwana akabadwa anthu aiwala. Mmodzi ananena mosaphethira kuti tikamupereke kupolisi akaphunzire mwambo. Mnyamatayo ndi wa zaka za m'ma 20, wolimbikira geni, ndipo ndi amene amalipirira azing'ono ake sukulu. Ndinamuitana tokha awiri.

"Malume, mukuganiza kuti munthu angasankhe dala chinthu choti azimulavulira malovu?" anandifunsa atazolika. "Ndasala kudya, ndapemphereredwa, ndayesa kufunsira atsikana. Usiku wina ndinafuna kungotenga bwato n'kupalasa osabwereranso."

Anandiuzanso zina ziwiri zimene amayi ake sankazidziwa. Munthu wina amene anaona mauthenga a pafoni yake ankamulipiritsa ndalama mwezi ndi mwezi, akumuopseza kuti akapanda kupereka akamuneneza. Kupolisi sakanapita, poti wodandaula ndi amene akanatsala m'chitokosi. Chachiwiri, atadwala n'kupita kuchipatala china, amene anamuona anatuluka kukaitana anzake kuti adzaone zachilendo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapondenso kuchipatala. Apa m'pamene munthu amaona ntchito yeniyeni ya lamulo lija. Anthu omangidwa nalo ndi owerengeka, koma tsiku ndi tsiku limadyetsa mbava, limatseka pakamwa pa omenyedwa, ndipo limathamangitsa odwala kuchipatala m'dziko limene Edzi inatimaliza abale osawerengeka.

Pa msonkhano wa banja ndinalankhula zochepa. Ndinati kupolisi sikupita munthu, chifukwa palibe amene waberedwa kapena kupwetekedwa kupatula mwana wathu yemweyo. Ndinati za mkazi tiiwale, chifukwa mwana wamkazi wa eni ake sanatilakwire kanthu kuti timusandutse chophimbira manyazi athu, adzakhale m'nyumba yopanda chikondi moyo wake wonse. Ndinati amene akufuna kumupempherera apemphere, ndi ufulu wake, koma wina asamugwire ndi dzanja kapena kumutsekera m'nyumba. Si onse anakondwa, ndipo pali ena mpaka lero amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Mlongo wanga sanasinthe chikhulupiriro chake, amati ndi tchimo ndithu ndipo amagwada usiku uliwonse. Koma ufa woyera ndi usipa wouma amamutumizirabe mwana wake kutauni kumene anasamukira. Mayi ameneyu, amene sukulu anailekezera ku pulaimale, anasiyanitsa tchimo ndi mlandu bwino kuposa nyumba ya malamulo.

Ndikudziwa zimene ambiri amayankha, ndipo mayankhowo ndi ofunika kuwamvetsera. Loyamba n'lakuti zimenezi n'zachizungu. Koma mawu oti mathanyula sanabwere pa ndege ndi mabungwe a masiku ano. Agogo athu amene anapita ku Wenela kukakumba golide ku Johannesburg ankawadziwa, ndipo olemba mbiri monga Marc Epprecht anafotokoza za maukwati a amuna okhaokha m'makomboni a kumigodi, komanso za miyambo ina ya kum'mwera kwa Africa azungu asanafike. Aliyense amene anagonapo kusukulu yogonera konko kapena amene amadziwa za m'ndende zathu sangalumbire kuti izi n'zachilendo. Chimene makolo ankachita ndi kusaulula, osati kumanga. Kunena zoona, ngati tikufuna kutaya zonse zobwera, Chikhristu chinadza ndi amishoni a ku Scotland ndi kwina, ndipo Chisilamu chinadza ndi amalonda a Chiswahili monga Jumbe wa ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Palibe amene akunena kuti tizibweze.

Lachiwiri n'lakuti mtundu uliwonse uli ndi ufulu woika malamulo ake. Zoonadi, ndipo chitsanzo chabwino tili nacho konkuno. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya dzinja n'kutsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mwambowu wakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Mukafunsa chifukwa chotsekera, akuuzani kuti utaka uswane, ndipo phindu lake limaoneka m'maukonde. Woledzera pa bwato amamiza anzake. Lamulo labwino limatha kuloza chimene likuteteza. Nanga gawo 153, likamagwira akuluakulu awiri ogwirizana m'nyumba mwawo, likuteteza yani?

Lachitatu n'lakuti tikuteteza ana. Apa ndiye tigwirizane ndi mtima wonse. Wogwirira mwana, kaya wamwamuna kaya wamkazi, amangidwe ndipo akhalitse. Wokakamiza mnzake, kaya ndi bwana, mphunzitsi kapena m'busa, amangidwe. Malamulo a zimenezi alipo ndipo safuna gawo 153 kuti agwire ntchito. Kugombe kuno timadziwa kumene ana athu akuonongekera. Timaona atsikana osiya sukulu n'kukwatiwa ndi eni maboti, ngakhale lamulo linaika zaka 18. Timadziwa za amayi ogula nsomba amene amakakamizika kugona ndi asodzi kuti apeze usipa ukasowa. Olakwiridwa amenewa ali ndi maina ndi nkhope, ndipo ndikanakonda kuona misewu itadzadza chifukwa cha iwo monga inadzadzira pa 13 Julayi 2023.

Tsiku limenelo atsogoleri a Katolika, a Evangelical Association of Malawi, a Malawi Council of Churches ndi a Muslim Association of Malawi anatsogolera zikwi za anthu m'mizinda ndi m'maboma potsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Kuyenda pamsewu ndi ufulu wawo, ndipo ndikanakhala woyamba kudandaula boma likanawaletsa. Komabe mlandu umene unali kubwalo pa nthawiyo sunali wa ukwati. Jana Gonani wa ku Mangochi ndi mzika ya ku Netherlands, Jan Willem Akster, ankapempha bwalo kuti liunike ngati magawo aja akugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Akster ankaimbidwa milandu yochita zachipongwe kwa achinyamata, ndipo milandu yotere iyenera kuzengedwa payokha popanda womuikira kumbuyo. Za ukwati zinatsekedwa kale ndi lamulo la maukwati la 2015, limene limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu, a Joseph Chigona, a Chimbizgani Kacheche ndi a Vikochi Chima, anakana pempholo n'kunena kuti ofuna kusintha lamulo apite kunyumba ya malamulo.

Poti ndafika pa ukwati, ndisabise maganizo anga. Ukwati uli ndi nkhope ziwiri. Kutchalitchi ndi kumzikiti ndi chinthu chopatulika, ndipo palibe boma limene liyenera kukakamiza wansembe, m'busa kapena shehe kudalitsa chimene chikhulupiriro chake chimakana. Maepiskopi athu atakana mu Disembala 2023 chilolezo cha ku Vatican chodalitsa anthu oterewa, anali m'bwalo lawo. Koma ku ofesi ya boma ukwati ndi pangano lonena za amene adzasaine kuchipatala mnzake akakomoka, amene adzatsale m'nyumba wina akamwalira, ndi mmene katundu adzagawidwire akalekana. Boma limamanga kale maukwati amene mipingo ina imawakana. Wosudzulidwa amakwatiranso kwa DC ngakhale Katolika salola. Lamulo la 2015 lomwelo limavomereza ukwati wa chikhalidwe, wa chipembedzo, ngakhale wa anthu ongolowana amene akhalitsa limodzi, ndipo mitala imaletsedwa pa ukwati wa kwa DC wokha. Ine sindiona chifukwa chimene akuluakulu awiri amene asungana pa matenda ndi pa njala angamanidwire pepala lotere. Ndikudziwa kuti Amalawi ambiri sali pamenepa, ndipo mwina sindidzaziona ndi maso anga. Koma munthu akhoza kukana ukwatiwo ndi mtima wake wonse, n'kuvomerabe kuti ndende si malo a mwana wa mlongo wanga. Papa Francis, amene sanasinthe chiphunzitso cha mpingo wake pa ukwati, ananena mu Januwale 2023 kuti kukhala munthu wotere si mlandu ndipo malamulo omanga anthuwa ndi osalungama.

Amene amaopa kuti thambo lingagwe ayang'ane kwa anansi. South Africa, kumene abale athu ambiri amakagwira ntchito n'kumatumiza ndalama zomangira nyumba za malata kuno, inavomereza maukwatiwa mu 2006, ndipo matchalitchi ndi mizikiti ya kumeneko ikudzadzabe. Mozambique, amene timagawana naye nyanja ino, anachotsa chilango mu 2015 popanda kuvomereza ukwati. Botswana inachita chimodzimodzi kudzera m'mabwalo a milandu mu 2019 ndi 2021. Njira ina ndi ya Uganda, kumene lamulo la 2023 linafika poika chilango cha imfa pa milandu ina. Pakati pa njira zimenezi tiyenera kusankha tikudziwa kuti amene adzagwe m'mbunamo ndi ana a m'nyumba zathu zomwe.

Dziko lino linasinthapo maganizo kambirimbiri. Kuyambira mu 1973 mpaka 1993 mkazi wovala buluku ankalakwira lamulo, lero aphungu achizimayi amavala. Ana a chi Rasta ankabwezedwa kusukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo mpaka mu Meyi 2023, pamene woweruza Zione Ntaba anagamula ku Zomba kuti aloledwe. A George Thindwa a bungwe la Association for Secular Humanism anayendayenda m'ndende kuombola nkhalamba zomangidwa pa nkhani za ufiti, pamene anthu ambiri ankaona kuti nkhalambazo zikulandira zoziyenera. Pa zonsezi ochuluka anali mbali imodzi ndipo chilungamo chinali mbali ina. Demokalase imapereka boma kwa ochuluka, koma maufulu analembedwera makamaka ochepa, chifukwa ochuluka amadziteteza okha ndi mavoti awo.

Oweruza anatiuza kuti nkhaniyi ili m'manja mwa aphungu, ndipo aphungu amayang'ana kumene kukuomba mphepo, kutanthauza ife. Sindikupempha m'busa kuti asinthe ulaliki wake, kapena shehe kuti afufute chimene amaphunzitsa kumadrasa. Ndikupempha kuti tsiku limene wandale adzaime pa nsanja n'kukulozerani kagulu ka anthu kuti ndiwo adani a Mulungu ndi a dziko, mudzayambe mwamufunsa za mankhwala a kuchipatala ndi za mtengo wa chimanga, kenako mudzafunse funso la pabwalo la anyakwawa lija, lakuti wolakwiridwa ndani. Dzulo anali a Mboni, mu 1999 anali Asilamu, lero ndi awa. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo m'dziko limene mpingo waukulu kuposa yonse sufika ngakhale pa anthu 20 mwa 100 aliwonse, palibe amene angadzitame kuti sadzakhala m'gulu la ochepa.